Mfuti Yotchera M'chiuno mwa Monika

Mbungo, Likoma

Mwana wanga Monika,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, tebulo langa ndi bondo. Iwe wapita ku Khuyu kukatsanzikana ndi azakhali ako, ndipo momwe ndimawadziwira alongo angawo, sakumasula dzuwa lisanapendeke. Amayi ako atsikira kunyanja kukavuula chinangwa. Ndiye mpata ndaupeza. Ukudziwa kuti chibwerere iwe kutchuthi kuno, amayi ako analamula kuti mawu oti mfuti asamveke pakhomo pano. Ndakhala nawo zaka zokwanira kudziwa malamulo awo amene amapindika ndi amene sapindika, ndipo ili silipindika. Koma za kulemba sananene. Kalatayi ndiilowetsa m'chikwama chako. Ukaiwerenge m'sitima mawa mukadutsa Chizumulu, ngati mwera ungakulole kuyang'ana pepala.

Tsiku lija tikuyenda wapansi kupita ku Chipyela, unandinong'oneza kuti akusankha kulowa m'gulu loteteza alendo akuluakulu ku Lilongwe, kuti yunifolomu uivula, uzivala ngati mayi wa mu ofesi, pisitolo ili pansi pa bulauzi. Kenako unawonjezera kuti aphunzitsi anu akuti muziinyamula yotchera, chipolopolo chili kale m'khosi mwa mfuti. Unandiyang'ana m'maso kuti uone ngati ndichite mantha, n'kundifunsa kuti, "Bambo, inu ku Joni munkanyamula bwanji?" Ndinakuuza kuti tikamba bwino, chifukwa kutsogolo kunkabwera amayi a m'kwaya, ndipo nkhani ikafika m'kwaya yafika pachilumba chonse. Yankho lako ndi lino. Latalika chifukwa chitsulo chimenecho ndinagona nacho, ndinadya nacho, ndinapita nacho ngakhale kuchimbudzi zaka zonse zimene ndinali ku Durban.

Ndiyambe ndi tsiku limene kampani ya chitetezo inandipatsa pisitolo yanga yoyamba. Ndinatuluka pageti ndikuyenda ngati munthu wa chithupsa pathako. Lamba wanga anali wa pamsika, wofewa ngati luzi la nthochi, ndiye chitsulocho chinkakokera buluku mbali imodzi. Ndikayenda pang'ono, dzanja pachiuno. Ndikaima pamsewu, dzanja pachiuno. Ndinakwera minibasi n'kukhala pafupi ndi mayi wina wachikulire amene anali ndi thumba la malalanje pamiyendo. Titayenda ndithu, mayiyo anandiweramira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, kaya ndi mfuti, kaya ndi kalata ya chibwenzi, koma minibasi yonse yadziwa kuti chili kudzanja lamanja." Ndinatsikira pa siteji yomwe sinali yanga, manyazi okhaokha. Monika, chinthu chobisika chimabisika ndi khalidwe la mwini wake, nsalu imangothandiza. Munthu amagwiragwira mfuti chifukwa sakhulupirira chimene chaigwira. Ukagule lamba wolimba. Chimake, thumba lake lija lomangirira palamba, chikhale chouma chosapindika, chopangidwira mfuti yakoyo osati ya mnzako, ndipo chiziphimba thiriga yonse, kachitsulo kokoka ndi chala kaja, kuti ngakhale udzu usapeze polowera. Zikatero manja ako adzapeza ntchito ina.

Tsopano funso lako lenileni. Zaka zanga zoyamba ndinkanyamula mfuti yosatchera. Magazini, kabokosi kosungira zipolopolo kaja, inali yodzaza, koma m'khosi munalibe kanthu. Ndinkaopa. Ndikakhala pa chiwongolero, kamwa ya mfutiyo inkaloza ntchafu yanga, ndipo nthawi imeneyo tinali ndi iwe wekha, amayi ako akufunabe ana ena. Ndinkadziuza kuti zikavuta ndidzaisolola, ndidzakoka msana wake ndi dzanja lamanzere kuti chipolopolo chikwere, basi. Ndinkayeserera pagalasi m'chipinda changa mpaka ndinafika pothamanga kwambiri. Pagalasi ndinali munthu woopsa ndithu.

Ntchito yanga inali yoyendetsa ndi kuteteza mayi wina wachimwenye, wamasiye, mwini masitolo a nsalu. Tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Anali ndi bondo lovuta, moti potsika galimoto ankayenera kutsamira munthu. Masana ena tafika pageti la kwawo, ndinazungulira n'kutsegula chitseko, ndinalowetsa mkono wamanzere m'khwapa mwawo, thupi lawo lonse lili pa ine. Nditadzutsa maso ndinangoona anyamata awiri aima pafupi, mmodzi atandiloza mfuti pachifuwa. Dzanja langa lamanja linali laufulu, pisitolo ili pomwepo pansi pa jekete. Koma dzanja lokokera msana wa mfuti linali litanyamula mayi wokalamba. Pagalasi paja panalibe Madamu. Ndinangoima ngati chitsa.

Madamu analankhula ngati akuitanitsa tiyi. "Barnaba, apatse makiyi."

Ndinapereka. Anyamatawo anakwera n'kuchoka, ife tinatsala pageti titagwirana ngati akwati. Titalowa m'nyumba, Madamu anandikhazika pampando wawo wabwino, anandipatsa madzi a shuga, kenako anandiloza ndi ndodo yawo. "Ndinaona dzanja lako likufuna kupita m'jekete. Ukanatulutsa chinthu chakocho ndikanakuchotsa ntchito, ngakhale uli mtembo." Galimotoyo inapezeka patapita masiku, yopanda wailesi ndi mipukutu ya nsalu imene inali kumbuyo.

Tsiku limenelo linandiphunzitsa zinthu ziwiri zimene zimakokana, ndipo ndikufuna uzinyamule zonse. Choyamba, aphunzitsi ako akunena zoona. Manja a munthu woteteza mnzake sakhala opanda kanthu. Lina lidzakhala likutsegula chitseko, kapena likukankha mutu wa mlendo wako kuti awerame, kapena lagwira munthu amene akukugwira. Mfuti yofuna manja awiri kuti idzuke, pa ntchito yakoyo, ndi mwala wolemetsa chiuno. Kuyambira sabata imeneyo ndinayamba kunyamula yotchera mpaka tsiku limene ndinaibweza. Chachiwiri ndi chimene ndimachiganiza ndikakhala m'bwato ndikudikira utaka. Ikanakhala yotchera tsiku lija, kodi sindikanaisolola? Ndinali wamagazi otentha. Ndikanayesa kupikisana ndi mfuti imene inali itandiloza kale, mayi wokalamba ali pamkono panga. Mmodzi wa ife akanagona pageti paja, mwina awiri, chifukwa cha galimoto. Tsiku limenelo mfuti yanga yopanda kanthu inandiganizira. Yako sidzakuganizira, Monika. Mfuti yotchera imadya kanthawi kaja kamene munthu amakhala nako kuti afunse mtima wake, ndiye iwe uzifunsiratu mtima wako m'mawa uliwonse usanaimange. Galimoto si munthu. Foni si munthu. Ulemu wako si munthu. Anakulemba ntchito kuti mlendo wako akafike kwawo wamoyo, ndipo kawirikawiri zimenezo zimachitika ndi miyendo ndi chitseko cha galimoto, chitsulo chili phee m'chimake.

Mfuti zathu zakale zinali ndi kaloko pambali koletsa mfuti kulira, kotsitsa ndi chala chachikulu. Chaka china kampani inabweretsa zatsopano, zakuda, theka pulasitiki, zopepuka ngati zidole, mtundu womwewu mukuphunzira nawo inuwu. Atandipatsa yanga ndinaitembenuza uku, ndinaitembenuza uku, kaloko osakapeza. Ndinakweza mkono n'kuuza mphunzitsi wathu, a Kumalo, bambo wamfupi wa mawu a ng'ombe, kuti yanga yabwera yosatha kupangidwa. Kalasi yonse inaseka, koma ndikukuuza kuti theka la osekawo nawonso ankakafufuza pansi pa tebulo.

A Kumalo anaphwasula imodzi, yopanda zipolopolo, n'kutiitana kuti tizungulire. "Maloko alimo, koma ali m'kati," anatero. "Kalilime aka kali pakati pa thirigaka, mukapanda kukaponda, thiriga siyenda. Kachitsulo aka kamatchinga msomali womenya chipolopolo, ndipo sikachoka panjira mpaka thiriga itafika kumapeto. Aka kachitatu kamagwira msomaliwo kuti usapulumuke mfuti ikagwa pansi. Mfuti iyi mungathamange nayo, mungagwe nayo m'ngalande, siilira." Anadikira kuti tisangalale kaye. Kenako anakweza chala chawo cholozera. "Koma maloko onsewa kiyi wake ndi mmodzi, ndi uyu. Ndipo mfuti ndi chitsiru. Siidziwa kusiyanitsa chala chanu ndi chingwe, kapena cholembera, kapena mkanda wa akazi anu. Chilichonse chokoka thiriga, kwa iyo ndi bwana." Mawu amenewo sanandichoke. Chala kunja, Monika. Chizigona motambalala pambali pa mfuti mpaka utaona chimene ukufuna kuwombera, utaona chimene chili kuseri kwake, ndiponso utatsimikiza kuti njira ina palibe.

Kuti maloko a m'katiwo amagwiradi ntchito ndinatsimikizira m'chimbudzi cha sitolo ina yaikulu. Madamu anali kokonzetsa tsitsi, ine dzulo lake ndinali nditadya nyemba za tsabola za kukhitchini kwawo, ndiye ukudziwa. Kasikulu kogwira chimake changa kanali katayamba kumasuka, ndipo ndinkangoti ndikamanga mawa. Nditatsitsa buluku mwachangu, chimake chinapendama, pisitolo yotchera n'kusolokamo. Ndinaiona ikugwa. Manja anga anafuna kuiwakha m'malere, monga munthu amawakhira kapu, koma m'mutu munamveka mawu a ng'ombe aja akuti, "Yagwa, isiye igwe." Ndinakweza manja m'mwamba ngati wogwidwa. Inamenya matailosi, inazungulira, n'kutsetsereka kudutsa pansi pa khoma la thabwa kulowa m'chipinda cha mnzanga woyandikana naye. Sinalire. Chimbudzi chonse chinati zii. Patapita kanthawi ndinaona nsapato ya bulauni, yopolishidwa bwino, ikuikankha pang'onopang'ono kubwerera kwa ine. Mwini nsapato anakhosomola n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, ndikukhulupirira ichi ndi chanu. Ine ndinali ndi vuto lodzimbidwa, koma mwandichiza." Nkhope yake sindinaione, chifukwa ndinakhala m'menemo mpaka nditatsimikiza kuti wapita kutali. Seka, mwana wanga, koma umve. Mfuti yogwa imakhala yotetezeka kuposa mfuti yowakhidwa, chifukwa dzanja lowakha limafumbata, ndipo chala chimagwera pomwe sichikufunika. Masikulu a chimake uziwaona mlungu uliwonse. Ndipo ukapeze njira yako yochitira kuchimbudzi, uiyeserere kunyumba ndi mfuti yopanda kanthu. Palibe mphunzitsi amene amakonda kukamba zimenezi, koma aliyense wonyamula mfuti amadya.

Mnzanga Sibanda, wa ku Bulawayo, analibe mwayi ngati wanga. Anali munthu wa nthabwala, wokonda majekete a zingwe zolendewera m'chiuno, zija zokhala ndi timabatani kumapeto. Tsiku lina titamaliza kuyeserera kuwombera, iye ankabwezera mfuti m'chimake uku akucheza ndi mtsikana wolemba mayina pakhomo, maso ali kwa mtsikanayo. Kabatani ka chingwe kanali katalowa m'chimake. Mfuti inakana kulowa, iye m'malo moyang'ana anaikankha mwamphamvu. Inalira. Chipolopolo chinadutsa m'mnofu wa thako n'kukalowa pansi. Sibanda anagona chafufumimba kuchipatala nthawi yaitali, ndipo atatuluka ankadya chiimire ngati mbuzi. Tikamuseka ankati, "Inu simukudziwa, mtsikana uja anabwera kudzandiona." Tinasekadi, mpaka tsiku limene namwino anatiuza kuti chikanalowera pang'ono m'kati, chikanadula mtsempha waukulu wa mwendo, ndipo Sibanda sakanafika ngakhale pageti la chipatala. Maloko onse atatu anagwira ntchito yawo bwinobwino tsiku limenelo. Thiriga inakokedwa, mfuti inamvera. Posolola mfuti pamakhala changu, koma pobwezera palibe amene akukuthamangitsa. Uziyang'ana chimake ndi maso, uchotse nsalu panjira, ulowetse pang'onopang'ono. Ikakana kulowa, ima, ufunse chifukwa chake. Chala kunja, Monika, ndiponso zingwe kunja. Zovala za inu akazi zili ndi tizingwe, timalamba ndi tizokongoletsa tambiri kuposa jekete ya Sibanda.

Pali zina zimene ine sindinakumane nazo chifukwa ndine mwamuna, koma ndaziganizira m'malo mwako. Anzako ena adzakuuza kuti uziika m'kachikwama ka m'manja chifukwa m'chiuno imawononga maonekedwe a diresi. Usavomere. Kachikwama kamatsomphoredwa pa depoti, kamaiwalika pampando, ndipo kwathu kuno kachikwama ka mkazi si ka munthu mmodzi. Msuweni wako Rozi amapisamo dzanja kufuna mafuta odzola asanakupatse n'komwe moni. Komanso m'kachikwama mumakhala makiyi, zopaka pakamwa, zipeso, zonsezo ndi zala kwa chitsiru chija. Ikhale pathupi pako kapena m'bokosi lachitsulo lokiya, malo achitatu palibe.

Ndiye pali nkhani ya makanda. Tsiku lina udzakwera minibasi ya ku Area 25 utatopa, mayi wina adzakwera ndi dengu, thumba ndi ana awiri, ndipo osakufunsa adzangokuika khanda pamiyendo. Sudzakana, chifukwa ndiwe wa pa Likoma ndipo sitinakulere choncho. Koma manja a khanda amafufuza paliponse, pachifuwa, pamimba, m'chiuno, ndipo zala zake ndi zazing'ono kuposa za aliyense amene anapanga mfutiyo ankaganizira. Ulikhazike pabondo la mbali inayo, mkono wako ukhale pakati. N'chifukwa chake ndikubwerezanso za chimake chouma chophimba thiriga yonse. Kunyumba kwako nakonso usadzinamize kuti ukukhala wekha. Mawa lomwe chilumba chonse chidziwa kuti mwana wa a Barnaba ali ndi nyumba ku Lilongwe. Wobwera kuchipatala chachikulu adzagona kwa iwe, wodzatenga pasipoti adzagona kwa iwe, wodzagulitsa usipa adzagona kwa iwe, ndipo adzabwera ndi ana. Ukangolowa m'nyumba, usanavule nsapato, mfuti m'bokosi, kiyi pathupi. Pansi pa pilo ndi malo oyamba kumene mwana amayang'ana.

Tsopano ndikambe za pakamwa pako, poti ndi pa amayi ako. Uli kusukulu unathetsa masewero a mpira wamanja pa Chipyela chifukwa woimbira anati waponda mzere, ndipo unamutsatira mpaka pamsika ukumufotokozera malamulo. Ndinanyadira tsiku limenelo, ngakhale ndinayerekeza kukukalipira. Koma Monika ameneyo ukamusiye m'sitima. Munthu wonyamula mfuti yotchera ayenera kukhala wamantha kuposa onse m'chipinda, wopepesa msanga kuposa onse pamsewu. Ine tsiku lina ku Durban ndili pamzere wogula buledi, bambo wina atamva kalankhulidwe kanga anayamba kunditukwana kuti ndine mlendo wodzadya za eni dziko. Anandikankha pachifuwa, anthu akuonerera. Ndinamva chitsulo chija chikutentha m'chiuno ngati chikundiitana ndi dzina. Ndinati, "Pepani bambo," n'kuchoka pamzere wopanda buledi. Panja ndinayenda mtunda wautali, misozi ya ukali ili m'maso. Bambo ameneyo anapita kwawo akudziona ngati ngwazi, ndipo mpaka lero sadziwa chimene chinali pansi pa jekete yanga. Ine ndinabwerera ku Mbungo ndi manja oyera, ndinakulera iwe ndi ang'ono ako, ndimagona tulo. Mkangano umene munthu wopanda kanthu amauthetsa ndi chibakera, iwe sungaulowe, chifukwa mukagwirana mfuti ija ili pakati panu, ndipo ndi ya aliyense amene waipeza poyamba.

Za mowa ndinene mwachidule. Ukafuna kumwa pa ukwati wa mnzako, chitsulo chitsale chokiyidwa. Za amuna ndinenenso mwachidule, poti amayi ako ndi azakhali ako anena kale zambiri. Mnyamata amene akukufuna asadziwe msanga. Akadziwa n'kupempha kuti aigwireko, kapena kuti ajambulitse nayo chithunzi cha pafoni, ameneyo mpatse moni wabwino umusiye. Wabwino ndi amene adzafunse ngati wadya.

Monika, ndinaima kaye kulemba, ndipo ndikuuze chimene chachitika. Amayi ako abwerako kunyanja msanga kuposa momwe ndimayembekezera. Anatula beseni la chinangwa, n'kuima patsogolo panga manja ali m'chiuno.

"Bambo a Monika, mukulemba chiyani?"

"Za komiti ya kutchalitchi," ndinatero.

"Komiti ya kutchalitchi inayamba liti kukuseketsani nokha pansi pa mtengo? Ndakumverani ndili pa mwala paja."

Ndinapinda pepala lija. Iwo anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anayang'ana zovala zako zimene zili pachingwe. Kenako anati, "Imirirani." Ndinaimirira. "Chimakhala pati?"

Ndinaloza m'chiuno, kudzanja lamanja, chakumbuyo pang'ono. Anaika chikhatho chawo pamenepo, chonyowa, chonunkha chinangwa, n'kuyeza ndi zala kutalika ndi kufupika momwe ndinawasonyezera.

"Chingathe kulira chokha?"

"Ayi. Popanda wokoka sichilira."

"Ngakhale mwanayo atagwa pa masitepe? Mukumudziwa mmene amayendera akavala nsapato zazitali."

"Ngakhale atagubuduka mpaka pansi."

Kenako anafunsa kuti, "Inu zaka zonse zija, munawomberapo munthu?"

"Ayi, ngakhale mmodzi."

"Nanga munkachinyamuliranji?"

Ndinati, "Kuti ndizibwera kwa inu pa Khirisimasi."

"Pakamwa pa amuna a ku Joni," anatero, koma dzanja silinachoke msanga m'chiuno mwanga. Kenako anapita pachingwe, anaanula mabulauzi ako onse, n'kulowa nawo m'nyumba. Panopa ndikulemba ndikumva makina osokera akulira pakhonde. Ndinasuzumira. Akumasula misoko ya m'mbali kuti mabulauziwo atakasuke m'chiuno, ndipo ija yobiriwira ya tizingwe tolendewera aidula tizingwe tonse ndi lezala, popanda ine kuwauza za Sibanda. Mawu aja sanawatchule, ndipo lamulo lawo lilipobe. Ndiye ukakavala bulauzi ku Lilongwe n'kuona kuti yakula, usafunse. Ukadzawaimbira foni, udzangowathokoza chifukwa cha kamba wa paulendo, iwo adzamva.

Ndatsala ndi pempho limodzi, ndipo ili si langizo, ndi pempho la bambo ako. Ukapatsidwa tchuthi, chitsulocho ukachibweze kosungira zida ku ntchito kwanu, usainire, ubwere wopanda kanthu m'chiuno. Kuno akuba athu amaba nkhuku ndi maukonde, ndipo tonse timawadziwa mayina ndi mabenchi amene amakhala kutchalitchi. Ine nditabwerako ku Durban zinanditengera nthawi yaitali kusiya kutembenuza chiuno munthu akamandiyandikira, moti agogo ako anamwalira akuganiza kuti ndinapweteka nthiti ku Joni ndipo ndikuwabisira. Sindikufuna zimenezo kwa iwe. Ndikufuna udzadumphe m'boti pa Chipyela nsapato zili m'manja, madzi akufika m'mawondo, amayi ako adzakukumbatire ndi mikono yonse iwiri, akufinye momwe angafunire, iwe osayamba waganiza kuti dzanja lawo lagwira pati.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Chala kunja.

Ndine bambo ako,
Barnaba